Kodi thanki ya nsomba za m'madzi a mchere ndi yovutadi kuposa ya mbuna?

Funso: Ndakhala ndikuweta mbuna m'thanki ya galasi ya malita 200 kwa zaka zitatu kuno ku Lilongwe, ndipo sizinandivutepo kwenikweni. Mwezi watha ndili ku Durban ndinalowa ku uShaka Marine World, ndipo nditaona nsomba za clownfish ndi makorali mtima unatsala komweko. Anzanga ena akuti ndisayerekeze, ndi kutaya ndalama m'madzi. Ena akuti nkhani yake ndi kungothira mchere basi. Zoona ndi ziti? Ndingasinthe thanki yomwe ndili nayoyi? Ndine bambo wa ku Area 47.

Yankho: Zikomo bambo. Amene akuti ndi kungothira mchere aja musawamvere. Amene akukuopsezaninso akokomeza pang'ono. Ntchito ya manja siichuluka kwambiri poyerekeza ndi imene mukuchita kale. Kusiyana kwake kuli apa: thanki ya mbuna imakhululuka, ya mchere sikhululuka. Mukadumphitsa sabata imodzi osasintha madzi, mbuna zimangokuyang'anani n'kupempha chakudya. Mukadumphitsa masiku anayi osawonjezera madzi m'thanki yaing'ono ya mchere mu Okutobala, mupeza zina zili chagada.

Chifukwa chake chili m'thupi la nsombazo. Nsomba ya m'madzi opanda mchere ili ndi mchere wambiri m'magazi kuposa madzi amene ikusambiramo, choncho madzi amalowa okha m'thupi, iyo n'kumangowataya ndi mkodzo. Ya m'nyanja ya mchere ndi yosemphana: madzi amatuluka m'thupi mwake nthawi zonse, ndiye imamwa madzi a mchere omwewo n'kumatulutsa mcherewo kudzera m'ziwalo zake zopumira. Ntchito imeneyi imadya mphamvu, ndipo thupi lake linazolowera malo amene mlingo wa mchere, kutentha ndi pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) sizisintha kwenikweni chaka chonse. Inu m'chipinda chanu chochezera mukhala mukuyesa kutengera kusasinthako ndi madzi a diramu imodzi.

Musanagule kanthu, dziwani kuti mawu akuti "thanki ya mchere" akuphimba zinthu zitatu zosiyana kwambiri. Ilipo ya nsomba ndi miyala yokha. Imeneyi munthu amene waweta mbuna zaka zitatu angaithe. Ilipo ya nsomba ndi makorali ofewa (makorali ndi tinyama ta m'nyanja ya mchere tooneka ngati zomera), yofuna nyali zamphamvu ndi madzi oyera kwambiri. Yachitatu ndi ya makorali olimba a nthambi, monga a mtundu wa Acropora, amene mwina ndi omwe anakutengani mtima ku Durban. Iyi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku yoyeza ndi kuthira mankhwala, ndipo kwa munthu wokhala kumene magetsi amazimazima ndingoti iiwaleni kaye.

Tiyambe ndi madzi, pakuti apa ndi pamene moyo wanu usinthire. Panopa mumatunga a pampopi, kuthira kamankhwala kochotsa klorini, basi. Mbuna zimafuna pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6 ngati ya ku nyanja yathu, ndipo mchenga wa zigoba kapena miyala ya laimu imakuthandizani kuisunga pamenepo. Kwa thanki ya mchere madzi a pampopi kapena a pamjigo sayenera. Amakhala ndi phosphate, nitrate, silicate, nthawi zina ndi mkuwa wochokera m'mapaipi. Zitatu zoyambazo ndi feteleza wa ndere, pamene mkuwa umapha nkhono, nkhanu ndi makorali ngakhale utakhala wochepetsetsa. Pamafunika makina osefa madzi otchedwa RO/DI, ndi kachipangizo koyezera TDS (zinthu zosungunuka zotsalira m'madzi) kamene kayenera kuonetsa 0 kapena 1. Kakayamba kuonetsa 3, 4, 5, ndiye kuti zosefera zatha mphamvu. Makinawa amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi iliyonse yabwino, ndipo safuna madzi obwera mofooka. Ngati mpopi wanu umadontheza, muwonjezere kapampu kokankha madzi. Madzi otayidwawo kathirireni ndiwo zamasamba kuseri.

Mchere wake si wa m'khitchini, si wa miyala wa pamsika, ndiponso si uja mumathira mbuna zikadwala. Mchere wa m'nyanja, pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi sodium chloride, mchere wamba uja. Otsalawo ndi magnesium, sulphate, calcium, potassium ndi zina, ndipo zotsalazo ndi zimene zimasunga pH pa 8.1 mpaka 8.3. Mugula wosakaniza kale, wa makampani monga Red Sea, Tropic Marin kapena Instant Ocean, ndipo kwa ife kuno nthawi zambiri ndi kuitanitsa ku South Africa. Mlingo wofunika ndi magalamu 35 a mchere pa kilogalamu ya madzi, amene pa chipangizo amaoneka ngati 1.025 kapena 1.026. Popeza mchere wa m'ndowa umakhala ndi chinyezi, mumathira magalamu pafupifupi 37 pa lita, kenako n'kuyeza.

Tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri amagwa pa masamu amenewa. Kudzaza thanki yanu koyamba kudya makilogalamu oposa 7. Kusintha malita 20 sabata iliyonse ndi magalamu 740, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 38 pa chaka. Funsani mtengo wa ndowa ya mchere, muwonjezere wonyamulira kuchokera ku Johannesburg ndi msonkho wa pachipata, ndiye mudziwa ngati nkhaniyi ndi yanu. Ndipo mchere usamathe m'nyumba. Tsiku limene nsomba yafera kuseri kwa mwala madzi n'kuwonongeka, mufunika kusintha malita 60 kapena 80 tsiku lomwelo, osati kudikira basi ya Lachinayi.

Kasakanizidwe kake: madzi ayambe kulowa m'chigubu, mchere ubwere pambuyo pang'onopang'ono. Mukayamba ndi mchere n'kuthira madzi pamwamba, calcium amagwirana n'kukhala ufa woyera wosasungunukanso. Ikanimo kapampu kozunguza ndi hita, musiye usiku wonse, m'mawa muyeze. Musathire mchere wouma m'thanki muli nsomba. Poyeza gwiritsani refractometer, chipangizo choyezera mlingo wa mchere m'madzi, ndipo muziiwongola ndi madzi oyesera a mlingo wa 35 kamodzi pamwezi. Zoyezera za pulasitiki za kamuvi zija zimanama kathovu kakangomatirira pa muvi.

Tsopano nkhani imene anthu a mbuna amaiphonya kwambiri. Madzi akamauluka ngati nthunzi, mchere sumapita nawo. M'thanki yanu yapanopa madzi akatsika masentimita awiri palibe chachitika. M'thanki ya mchere kutsika kumeneko ndi kukwera kwa mchere. Thanki ya malita 200 ikataya malita 10, mlingo umachoka pa 35 kufika pafupifupi 37, nsomba zipirira. Koma kathanki ka malita 40 kakataya malita awiri patsiku kwa masiku atatu, mlingo wafika pa 41. N'chifukwa chake timathanki ting'onoting'ono timene timaoneka totsika mtengo ndi timene timavuta kwambiri, ndipo malita 200 anuwo ndi poyambira pabwino. Matani katepi pagalasi posonyeza pamene madzi ayenera kulekeza, ndipo tsiku lililonse muwonjezere madzi a RO opanda mchere mpaka pamzerepo. Opanda mchere, ndabwereza dala. Wowonjezera madzi a mchere pamenepa amakweza mlingo sabata ndi sabata osadziwa. Kulinso kachipangizo kowonjezera madzi kokha, kothandiza mukamachoka pakhomo masiku angapo.

Za mabakiteriya mukuzidziwa kale: zonyansa za nsomba zimasanduka amoniya, amoniya n'kukhala nitrite, nitrite n'kukhala nitrate. M'madzi a mchere ulendo ndi womwewo ndipo umatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Koma siponji ya m'fyuluta ya mbuna sikuthandizani kufupikitsa nthawiyi, chifukwa mabakiteriya ake sagwira bwino ntchito m'madzi a mchere. Sefa yeniyeni ya thanki ya mchere ndi miyala yazibowo, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 alionse, ndi mchenga wa aragonite (wa laimu wa m'nyanja ya mchere) wochindikala masentimita awiri kapena atatu. Thirani mabakiteriya a m'botolo ndi amoniya mpaka 2 ppm (mamiligalamu awiri pa lita), muli mulibe nsomba. Tsiku limene 2 ppm azitha pasanathe maola 24, nitrite n'kukhalanso pa 0, thanki yapsa. Pa pH ya 8.2 gawo la amoniya limene limapha limachuluka kuposa kakhumi poyerekeza ndi pa pH ya 7, ndiye musathamange. Masabata otsatirawo mchenga ndi galasi zidzakutidwa ndi fumbi lofiirira, kenako ndere zobiriwira ngati tsitsi. Musataye mtima kapena kuthira mankhwala. Thanki iliyonse yatsopano imadutsa pamenepo, ndipo nkhono zodya ndere ndi madzi abwino a RO zimathetsa nkhaniyo pa miyezi ingapo.

Chida chimodzi chachilendo kwa inu ndi protein skimmer. Ndi chubu chimene chimapopera timathovu tambirimbiri m'madzi. Zonyansa zosungunuka zimamatirira pa timathovuto n'kukwera mpaka m'kakapu ka pamwamba zisanawole. M'madzi opanda mchere thovulo silikhazikika, n'chifukwa chake simunachifunepo. Kakapuko muzikayang'ana: ikamagwira bwino mumakhala madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka wophikidwa kwambiri, onunkha ngati ngalande, ndipo mumataya kawiri kapena katatu pa sabata. Akakhala otuwa n'kudzaza msanga, ndiye kuti ikutaya madzi abwino ndipo mchere wa m'thanki utsika, itsitseni pang'ono. Khosi lake likachita matope, thovu limaleka kukwera, ndiye lipukuteni. Onjezaninso mapampu awiri ozunguza madzi, okankha madzi onse a m'thanki ka 10 mpaka ka 20 pa ola, imodzi yoloza pamwamba kuti madzi azigwedezeka.

Kugwedezeka kwa pamwambako si kokongoletsa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi muganize. Pa madigiri 25, lita ya madzi opanda mchere imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu pafupifupi 8.2, pamene ya mchere imasunga pafupifupi 6.8. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, zimene zimachotsanso gawo lina, mwatsala ndi 6 kapena kuchepera. Madzi akatentha amatsikanso. Ndiye magetsi azime masana a mu Novembala: mapampu aima, nsomba zikupuma, mabakiteriya a m'miyala akupuma, nkhono zikupuma. Mbuna zosadzaza kwambiri zimatha kupirira maola angapo. M'thanki ya mchere, pakangotha maola awiri kapena atatu mudzaona nsomba zili pamwamba kukamwa kuli yasa, ndipo zikuluzikulu ndi zimene zimayamba kufa. Popanda inveta ndi batire, kapena sola, musayambe n'komwe. Ubwino wake, sizifuna mphamvu zambiri: pampu yozunguza madzi imadya mawati 10 mpaka 20. Hita ndi nyali zikhoza kudikira. Khalaninso ndi kapampu ka mpweya ka mabatire m'kabati, mabatire ake ali pambali. Ngati muli ndi fyuluta yotseka ya kunja ndipo yaima maola ambiri, musaisiye iyambe yokha magetsi akabwera. Madzi a m'katimo amakhala atawola, atayeni kaye.

Kutentha kukhale pa madigiri 24 mpaka 26. Mu Juni ndi Julayi hita ya mawati 200 ikwanira. Vuto ndi chilimwe. Kupitirira 29 makorali amayamba kutaya tindere timene timakhala m'thupi mwawo n'kuwadyetsa, ndipo amayera mbuu. Fani youzira pamwamba pa madzi imatsitsa digiri imodzi kapena awiri, koma imachulutsa nthunzi, ndiye tabwereranso ku katepi kaja. Botolo la madzi oundana lotseka bwino limathandiza pa ngozi. Makina oziziritsa madzi alipo koma ndi odula ndiponso amadya magetsi.

Pa matenda kusiyana n'kwakukulu. Timadontho toyera ta nsomba za m'madzi opanda mchere mumatithana nato m'thanki momwemo pokweza kutentha kufika madigiri 30 ndi kuthira mankhwala. Ta m'madzi a mchere timayamba ndi kachilombo kena, Cryptocaryon irritans, ndipo kali ndi mnzake woopsa kwambiri, Amyloodinium, amene amachititsa nsomba kuoneka ngati yawazidwa ufa n'kumapuma mothamanga. Ameneyu amatha kumaliza thanki yonse pa masiku ochepa. Mankhwala odalirika ndi a mkuwa, koma mkuwa sungalowe m'thanki yaikulu: umapha nkhono ndi makorali, ndipo miyala imaumwa n'kumautulutsa pang'onopang'ono mtsogolo. Choncho pamafunika thanki yachiwiri ya malita 40 mpaka 60, yopanda mchenga, yokhala ndi hita, fyuluta ya siponji ndi zidutswa za paipi ya pulasitiki zobisalamo. Nsomba iliyonse yatsopano ikhale mmenemo masabata anayi. Matendawa akalowa m'thanki yaikulu, muyenera kutulutsa nsomba zonse, kutanthauza kuphwasula miyala, n'kuisiya yopanda nsomba mpaka masabata 10 kapena 11 kuti tizilombo tife ndi njala. Amene wachitapo zimenezi kamodzi salumphanso thanki yachiwiri.

Nsomba zanu zidzachokera kutali, ndiye mvetsani ichi. Zikakhala m'thumba maola ambiri, mpweya umene zimatulutsa umatsitsa pH ya madziwo, ndipo amoniya amene wadzazamo amakhala wosaluma kwenikweni. Mukangotsegula thumba, mpweyawo umathawa, pH imakwera, amoniya n'kusanduka poizoni. Njira yodontheza madzi m'thumba kwa ola lathunthu, imene ambiri amalangiza, pamenepa imapha. Funsani wogulitsa mlingo wa mchere wa madzi ake, mukonzeretu thanki yachiwiri pa mlingo womwewo, muyandamitse thumba lotseka mphindi 20 kuti kutentha kufanane, mutsegule, musamutse nsomba yokha, madzi a m'thumba mutaye. Musanaitanitse chilichonse chamoyo pitani kaye ku nthambi ya boma yoona za nsomba mukamve za chilolezo, ndipo dziwani kuti makorali olimba ali pa ndandanda yachiwiri ya pangano la CITES loteteza zamoyo pa malonda a pakati pa mayiko, sadutsa malire popanda mapepala.

Mbuna mumazidzaza dala kuti ndewu imwazike. Chizolowezi chimenecho chisiyeni pakhomo. M'malita 200 a mchere nsomba zing'onozing'ono zisanu kapena zisanu ndi imodzi zakwana, zolowa imodzi kapena ziwiri pakapita masabata atatu alionse. Clownfish za mtundu wa ocellaris zoswedwera m'mathanki ndi zolimba, zimadya chakudya chouma, ndipo sizifuna anemone (kanyama kooneka ngati duwa kamene zimabisalamo m'nyanja) kuti zikhale ndi moyo. Anemone ndi amene amafa msanga m'thanki yosakwana chaka, ndipo akafa amawononga madzi onse. Royal gramma ndi firefish n'zabwinonso, koma firefish imadumpha, thanki ikhale yovindikira ndi ukonde. Damselfish za buluu ndi zotsika mtengo koma zankhanza kuposa mbuna iliyonse imene munaionapo. Blue tang imafuna thanki yoposa yanu kawiri. Mandarin imadya tizilombo tamoyo ta m'miyala tsiku lonse ndipo m'thanki yatsopano imafa ndi njala mimba itaphwa. Moorish idol isiyeni m'nyanja.

Mukadzafika pa makorali ofewa, mwina patatha chaka, kuyeza kumachuluka: alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa pH kutsika, yoyezedwa mu dKH) pakati pa 7 ndi 11 dKH koma yosadumphadumpha, calcium 400 mpaka 450 ppm, magnesium pafupifupi 1,300, nitrate osapitirira 10, phosphate osapitirira 0.1. Makorali ochepa ofewa amakhutira ndi zimene kusintha madzi kumabweretsa. Chenjezo limodzi: ena a mtundu wa Palythoa ndi Zoanthus ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi powagwira, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuukwecha wouma.

Chinanso chaching'ono chimene chimawononga nyumba: timadontho tothothoka timauma n'kusiya chikhungwa choyera cha mchere pa chivindikiro, pa nthambo, pakhoma. Chimakwawa ndi nthambo mpaka pa soketi, chimakoka chinyezi, ndipo chimadutsitsa magetsi. Nthambo iliyonse itsike kaye pansi pa soketi kenako ikwere, kuti dontho ligwere pansi. Soketi ikhale pamwamba ndi pambali, osati kuseri kwenikweni kwa thanki. Tebulo lachitsulo lipakidwe penti bwino chifukwa dzimbiri silichedwa, ndipo chilichonse cha mkuwa kapena bulasi chisakhudze madzi.

Pa nthawi, thanki ya mbuna imakudyerani mphindi 30 kapena 45 pa sabata. Ya mchere ya nsomba ndi miyala, werengerani mphindi zisanu tsiku lililonse osadumphitsa, ndi ola limodzi kapena limodzi ndi theka kumapeto kwa sabata. Si zambiri. Chovuta ndi mawu akuti osadumphitsa, makamaka mukapita ku maliro kumudzi masiku anayi n'kusiya mwana amene akuganiza kuti kukonda nsomba ndi kuzithirira chakudya chambiri. Mugawiretu chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala, ndipo chigubu cha madzi owonjezera mulembepo ndi zilembo zazikulu.

Galasi la thanki yanu lingagwire ntchito, hita nayonso. Mchenga, miyala ndi za m'fyuluta ayi, ndipo ngati munathiramo mankhwala a mkuwa kale musadzaikemo makorali. Koma ine sindingakulangizeni kuchotsa mbunazo. Anthu a ku Germany, America ndi Japan amalipira ndalama zambiri kuti apeze mbuna monga Labidochromis caeruleus wachikasu wa kufupi ndi Nkhata Bay kapena saulosi wa ku Taiwanee Reef, chifukwa ndi nsomba za m'madzi opanda mchere zimene mitundu yake imayandikira ya nsomba za m'makorali. Inu muli nazo pakhomo, pa madzi a pampopi. Ngati mtima ukukakamirabe, gulani thanki ina, ndipo zogula zitsatane motere: inveta ndi batire poyamba, kenako makina a RO/DI, kenako ndowa ziwiri za mchere ndi refractometer. Dzazani thankiyo, ikani miyala, muiyendetse miyezi iwiri yopanda nsomba, makamaka Okutobala ndi Novembala, mukulemba m'kope kutentha ndi mlingo wa mchere m'mawa ndi madzulo. Kopelo likaonetsa kuti kutentha sikunapitirire 28, mchere sunachoke pakati pa 1.024 ndi 1.026, ndipo mapampu sanaimepo magetsi atazima, itanitsani ma clownfish awiri aang'ono a msinkhu wosiyana. Wamkuluyo adzasanduka wamkazi, ndipo awiriwo adzakhala banja.